Kanthu Kamene Bambo Awo Ankasunga Pansi pa Nthaka

Mandasi anga anabwerera. Ndinawapeza pakhomo m'mawa wa Lolemba, m'kontena momwe muja ndinawaika, chivundikiro chili chotseka, osadyedwa ngakhale limodzi. Amene anadzawasiya sanagogode. Ndinaima pamenepo mwana ali kumsana, chikwama cha kuntchito chili m'manja.

Tinkakhala ku Barking, m'fulati ya pamwamba. Pansi pathu pankakhala mayi ena achikulire a kwathu ku Malawi, amene anagwira ntchito yosamalira okalamba kuno mpaka mawondo atawakana. Ine ndinkangowatcha amayi, ana anga ankati anti. Ndiwo anandilandira nditangofika ndi timajuzi tanga topyapyala. Anandionetsa kogula ufa ndi usipa, anandiphunzitsa kugunditsa khadi m'basi, anandipezera ntchito kunyumba ya okalamba kumene iwo ankagwira kale. Ndikapita ku shifiti ankatsala ndi mwana wanga wamwamuna, amene anali asanayambe kuyenda, ndipo masana ankakatenga mlongo wake kusukulu, mtsikana wanga woyamba, amene anali atangoyamba kumene sukuluyo. Popanda iwo ine sindikanatha kutuluka m'nyumba.

Mandasiwo ndinawapatsa Lamlungu m'mawa tikupita kutchalitchi. Mbale zathu zinkangoyenda pa masitepe amenewo, kukwera, kutsika. Ndikatumiza futali, mbale inkabwera yotsuka, nthawi zina muli mtedza wokazinga. Koma chakudya kubwerera chathunthu ndinali ndisanazionepo, kwathu ngakhale kuno.

Ndinatsika, ndinagogoda. Anatsegula pang'ono. Analandira mwana osandiyang'ana, ndipo asanamugoneke paphewa monga ankachitira, anamutembenuza, kumuyang'ana m'maso, m'mphuno, kuseri kwa makutu. Mtsikana wanga anawapatsa moni, iwo anangoti "mm" n'kubwerera m'mbuyo pang'ono kuti chikwama chake chisawakhudze.

"Amayi, mandasi aja sanapse bwino?"

"Ndikusala kudya, mwana wanga. Pita, uchedwa."

Kukhitchini kwawo kunkanunkhira mazira okazinga.

M'basi monse ndinkafufuza m'mutu chimene ndinawalakwira. Sindinachedwe kuchipeza, koma sichinali changa. Chinali cha bambo a ana anga ndi foni yawo.

Ine sukulu ndinalekezera sitandade seveni. Iwo anapitirira, anaphunzira za magetsi ndi makina, ndipo ntchito imene inatibweretsa kuno inali pa yunivesite ina m'katikati mwa London, m'chipinda cha pansi pa nthaka chimene iwo amati labu. Ankandifotokozera tikudya, ine ndikumva theka. Ankati chinthu chilichonse, supuni, madzi, fupa la munthu, chinapangidwa ndi tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, totchedwa maatomu. Iwo ndi anzawo ankatenga kamodzi kokha, n'kukachotsa kena kake kuti kazimvera magetsi, pamenepo n'kumakatcha ayoni. Ankakatsekera m'kamphika kachitsulo momwe anachotsamo mpweya wonse, kali lende pakati, osakhudza khoma, magetsi okha ndiwo akukagwira. Kenako ankakawalitsa ndi kuwala kwamphamvu kotchedwa leza mpaka kangoti zii, n'kumakayeza. Ntchito ya bambo awo inali yosamala mawaya ndi mabokosi a magetsi kuti kasapulumuke. Kakapulumuka foni yawo inkalira, kaya ndi Loweruka, kaya tili pakati pa kudya.

Kunyumba ankakaonera pa kompyuta. Galasi lonse lakuda bii, pakati kadontho koyera, kakuzima, kakuyaka. Mtsikana wanga anakakonda. Akadzuka, asanasambe n'komwe, ankathamangira patebulo kukakapatsa moni.

Tchalitchi chathu chinali ku Tottenham, m'chipinda cha pamwamba pa shopu yogulitsa nsomba zouma ndi chinangwa. Mapemphero akatha tinkamwa tiyi, azibambo uku, azimayi uku, ana akuthamanga pakati. Lamlungu limenelo azibambo anayamba kuwaputa amuna anga.

"Achimwene, tiuzeni zoona lero. Uyu ndi nesi, uyu amayendetsa basi, ine ndimalondera. Inu mumagwira chiyani m'dzenje lanulo?"

"Amakumba mbewa," anatero wina, onse n'kuseka.

Amuna anga amakonda nthabwala, amakondanso kuti anthu adabwe. Anatulutsa foni. "Ndimasunga aka."

Bambo wina wa ku Zambia anasuzumira. "Ah mudala, ni chani ichi? Nyenyezi?"

"Ayi. Kali kokhakokha, mumdima, pansi pa nthaka. Tinakagwira sabata yatha. Sikangatuluke. Timakafunsa funso limodzimodzi usana ndi usiku, kamatiyankha."

"Nanga kamadya chani?"

"Kuwala basi. Sikavuta ngati inu."

Anaseka mpaka wina anatsamwa tiyi. Kumbali ya azimayi sikunamveke kuseka. Ndinaona amayi a pansi aja ataimitsa kapu pakamwa osamwa. Nthawi yomweyo foni inalira m'manja mwa amuna anga. Anayang'ana, nkhope inasintha. "Aa, kathawa." Anasiya tiyi wosatha, anatenga jekete, anandiuza kuti tibwerere tokha, n'kutsika masitepe akuthamanga. Ndiye mtsikana wanga, amene Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi, analankhula mokweza kuti onse amve, kuti iye amakadziwa, ndi kamnzake, kamamuphethirira diso m'mawa uliwonse.

Mwana ameneyo, chiyambireni kuzizira, ankatuluka magazi m'mphuno. Azimayi onse ankadziwa, chifukwa ndinawapempha ndekha kuti amupempherere.

Sabata imeneyo zinthu zinkabwera pang'onopang'ono. Gulu la azimayi la pafoni, limene linkalira tsiku lonse ndi mavesi ndi zithunzi za maluwa, linangokhala chete, ndiye ndinadziwa kuti atsegula lina kopanda ine. Pakhomo pathu ndinapeza mchere utathiridwa motsatira chitseko. Ndikamamumasula tsitsi mtsikana wanga, manja anga ankatuluka ali noninoni ndi mafuta amene sindinamudzoze ine. Nditamufunsa anati anti amamupempherera akabwera kusukulu, ndipo samulolanso kukhala pakapeti pamodzi ndi mwana.

Lachinayi amayi anandiitanira m'nyumba mwawo. Anatseka chitseko cha kukhitchini, anakweza tivi kuti ana asamve.

"Khala apa. Ndikufunse, usandikwiyire. Amuna ako ntchito imeneyi anaipeza bwanji?"

"Analembera, amayi. Anawaitana."

"Analembera. Anzawo onse amene anaphunzira nawo ali kwathu akuyendayenda ndi maenvulopu m'tauni, iwo okha ndiwo anaitanidwa ku London. Iwe sunadabwe?"

Anasendera pafupi nane.

"Ndiwe mwana, koma unakulira kumudzi. Kanthu kotsekeredwa mumdima, kosaona dzuwa, kofunsidwa n'kumayankha, koti kakathawa mwini wake amasiya tiyi m'nyumba ya Mulungu. Kwathu timakatcha chiyani? Azungu angokapatsa dzina lina. Ndipo zimenezo sizikhala zaulere. Magazi a mwanayu akupita kuti?"

Ndinakula ndikumva za anthu okhwima, za wagolosale wina kumsika kwathu amene anthu ankati ali ndi chipinda choti ngakhale mkazi wake salowamo, ndipo ana ake ankangomwalira mmodzimmodzi golosale ikukula. Chipindacho sindinachione, koma kumaliro ndinapitako. Ndipo m'labu ya amuna anga nanenso ndinali ndisanalowemo.

Amayi anapitiriza motsitsa mawu. Anati chithunzi cha mtsikana wanga anachitumiza kwa mneneri wina, munthu wa Mulungu wamphamvu, amene amayenda m'mizinda ya kuno kumasula anthu. Iye anangoyang'ana chithunzicho n'kuona zonse. Mwanayo wakayang'anitsitsa kanthuko nthawi yaitali, kamulowa kudzera m'maso, tsopano m'thupimo sali yekha. "Wamng'onoyu ndiye ndikumuopera. Usamawasiye awiri m'chipinda."

Apo m'pamene ndinazindikira kuti sakunenanso za amuna anga. Akunena za mwana wanga, amene anali kuseri kwa chitseko akujambula mphaka ndi makirayoni.

Madzulo ndinawauza bambo awo. Anaseka mpaka kugwira pamimba.

"Amake mwana, inunso? Adokotala anati chiyani? Ndi hita yotenthetsa m'nyumbayi, imaumitsa m'mphuno. Ana ambiri kuno amatero."

"Musaseke. Athira mchere pakhomo."

"Atithandiza, masitepe aja amaterera kukazizira."

"Ndikuti musaseke!" Mawu anga anatuluka aakulu, mwana anadzidzimuka n'kuyamba kulira. "Munditenge ndikaone ndekha chimene mumasungacho."

Anasiya kuseka. Ndinaona kuti zawapweteka kuti nanenso ndikufunsa.

Loweruka tinakwera sitima ya pansi pa nthaka, tonse ndi ana. Ana m'labu salowa, choncho mtsikana wina wophunzira pamenepo anatsala nawo m'chipinda chomwera tiyi. Ife tinatsika masitepe, pansi, pansinso. Pachitseko panali nyali yofiira. Anandipatsa magalasi olemera achikasu ndi timapulasitiki tokutira nsapato.

"Musatsamire tebulo. Musagwire kalikonse. Mukafuna kuwerama mutsinzine, kuwala kwake kumaotcha diso."

M'katimo munali mozizira, mwamdima, muli phokoso losalekeza ngati la mafiriji ambiri. Ndinanunkhiza. Ndinkafuna fungo la magazi, la nthenga zowauka, la mizu ya kwa sing'anga, fungo loti mphuno yanga ilidziwe. Munkangonunkha mawaya ofunda ndi khofi. Panali tebulo lalikulu lachitsulo lodzaza timagalasi ting'onoting'ono titaima m'mizere, ndipo pakati pake kamphika kaja, kokulungidwa ndi pepala lonyezimira lija timakutira nkhuku mu uvuni, kali ndi timawindo tozungulira. Ndinatsinzina, ndinawerama, ndinayang'ana pansi pa tebulo. Ndinayang'ana kuseri kwa makatani akuda. Amuna anga anandisiya ndikufufuza.

"Kali kuti?"

Analoza pa kompyuta. Kadontho kaja.

"Osati chithunzi. Kenikeniko."

"Kali m'kati umu, koma ndi maso anu simungakaone. Kamera ndiyo imakaona."

"Kanachokera kuti?"

Anatsegula kabati, anatulutsa kabotolo kokhala ndi timiyala totuwa. Anati chimenechi n'chomwe chili m'chigoba cha dzira ndi m'laimu wopaka nyumba, amachigula kwa ogulitsa zipangizo, chimabwera papositi. Amachitenthetsa pang'ono, tinthu tija n'kuuluka, kamodzi n'kukodwa.

"Nanga funso mumakafunsalo?"

Anakanda m'mutu. Anati kanthuko kamagunda ngati wotchi, mofulumira zedi, ndipo iwo amawerenga kugundako. Dziko limatembenuka, m'mawa labu yaloza uku, madzulo yaloza uko. Akufuna kudziwa ngati kugundako kumasintha dziko likamatembenuka, ngakhale pang'ono pokha poti munthu sangaganizire n'komwe. Mabuku onse amati sikusintha. Iwo akuyesa ngati mabukuwo akunena zoona mpaka kumapeto.

"Ndiye kamati chiyani?"

"Mpaka pano kamati palibe chasintha."

"Nanga mukuvutikiranji?"

"Tsiku lina kakhoza kunena zina."

Mawu amenewo sanandikhazike mtima pansi. Koma tili chiimire, kadontho kanazima osayakanso. Foni inalira m'thumba mwawo, kulira komwe kuja. Ndinawagwira mkono. Iwo anangoti "kapita," ngati munthu amene machesi amuzimira, anakhala pampando, anadina apa ndi apo, ndipo miyendo isanayambe kutopa kadontho kanayaka pamalo pomwepo.

"Kabwera?"

"Ayi, aka n'kena. Kaja sitidzakaonanso. M'kabotolo muja muli tambiri kuposa mchenga."

"Nanga Lamlungu munathamangiranji?"

"Bokosi la magetsi linazima. Likazima anzanga amataya zonse zimene ayeza, ndipo amene amafunsidwa ndine."

Pamenepo ndinapuma. Za maatomu sindinazimvetse, mpaka lero ndimamva theka lomwe lija. Koma chizimba ndimadziwa kuti munthu sachitaya n'kutola china akuyasamula. Chikatayika amapenga, amakagwada kwa amene anamupatsa. Amuna anga anali akundifunsa ngati ndikufuna khofi.

Ndinatuluka ndikudziwa kuti m'dzenje limenelo mulibe chimene chikumwa magazi a mwana wanga. Koma m'sitima pobwerera, pamene tinkayandikira ku Barking, nkhawa inabweranso, chifukwa chimene ndinaona ine amayi a pansi sanachione.

Lamlungu sitinapite kutchalitchi. Lolemba ndinayesa kuwauza. "Ndakaona ndekha, amayi. Ndi za sukulu basi."

"Unalowamo?" Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Anakuonetsa zimene anafuna kuti uone."

Ndinawasiyirabe ana. Kwina kowasiya ndinalibe, ndipo ndinkadziuza kuti akungopemphera, pemphero silipweteka mwana. Madzulo ake mtsikana wanga anali phee, maso ali ofiira. Anati m'mimba mukupweteka, sanadye. Kabokosi kake ka chakudya cha kusukulu kanabwera kopanda kanthu, ndiye ndinati wadya masana. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu m'mawa, bambo ake atapita kale ku siteshoni, ndinamuikira phala. Anangoliyang'ana misozi ikutsika. Milomo yake inali itang'ambika.

"Idya, tichedwa."

Anapukusa mutu.

"Ukudwala? Tandiuza, mayi wanga."

Anayang'ana kamchimwene kake, kamene kanali pampando kakumenya supuni patebulo. Kenako ananong'ona m'Chingerezi, ndipo tsiku limenelo ndinamva liwu lililonse. Anti anati asadye, asamwe, mpaka Lachisanu pamene munthu wa Mulungu adzabwere kunyumba kwawo. Akadya, chimene chili m'kati mwake chipeza mphamvu, mchimwene wakeyo amwalira, ndipo wopha akhala iye. Chakudya cha kusukulu ankachitaya m'bini. Dzulo ludzu linamukulira, anamwa madzi pampopi wa kusukulu, ndiye kuyambira pamenepo wakhala akumuyang'ana mwana ngati akupuma. Anti anatinso asandiuze ine, chifukwa ndinalowa pansi paja, tsopano ndili mbali ya adadi.

"Nanga maso?"

Anati anti amamupana mutu pakati pa mawondo n'kumuthira mafuta m'maso. Amawawa ngati tsabola.

Sindinalire. Ndinatunga madzi m'kapu, ndinamukhazika pamiyendo ngati khanda.

"Tamvera. Ine ndi amene ndinakubereka. Mwa iwe mulibe kanthu, muli njala basi. Imwa, ndipo uzimuyang'ana mwanayu."

Anamwa kamodzi, anayang'ana. Mwana anali akudya chala. Anamwanso, anayang'ananso. Phala lonse anadya choncho, supuni iliyonse diso lili pa mchimwene wake. Ndinamutsuka m'maso ndi madzi ofunda.

Ndinaimbira bambo ake, koma pansi paja foni ya mawu siilowa. Ndinaimbira kuntchito kuti sindibwera, bwana akuyamba kudandaula ine n'kudula. Kenako ndinaima pakati pa khitchini, chifukwa chimene chinatsala ndinkachiopa kuposa zonse. Munthu aliyense wa kwathu kuno amakuuza ukangofika: za m'nyumba usauze azungu, a sosho, aboma oona za mabanja aja, amalanda ana, akalanda sabweza. Nkhani zake ndinazimva kutchalitchi, m'basi, kokonzetsa tsitsi. Ndinaganiza zongokhoma chitseko n'kukhala chete. Koma kusukulu ankawadziwa amayi, anali atazolowera kuwapatsa mwanayo pageti osafunsa. Ndipo iwo sanali okha, azimayi onse aja anali mbali yawo, aliyense wa iwo mwana wanga ankamutcha anti ndipo akanamutsatira.

Ndinabereka mwana, ndinamanga chitenje kawiri. Ndinamugwira dzanja mtsikana wanga, tinayamba kutsika. Chitseko chawo chinatseguka tisanafike. Anatambasula manja kuti alandire mwana monga masiku onse.

"Lero ndili naye, amayi."

"Nanga shifiti?"

"Ndapuma."

Anayang'ana mtsikana wanga, anaona phala pachibwano. Nkhope yawo inagwa. Sunali ukali, anali mantha enieni, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa akanandilalatira.

"Wamudyetsa? Mayo ine! Mwana iwe, waononga zonse, Lachisanu lafika kale ili. Ine ndimakukonda ngati wobereka ndekha, ndikufuna ndikupulumutsire wamng'onoyu."

"Munamuthira chiyani m'maso?"

"Mafuta opemphereredwa. Akamawawa ndiye kuti akugwira ntchito."

Ndinamukoka mwana, tinadutsa. Mawu awo anatitsatira mpaka kunja. "Ukukawauza eti? Akulanda onse awiri! Ubwerera m'nyumba muno manja ali m'khosi!"

Pageti la sukulu sindinamusiye dzanja. Ndinauza aphunzitsi ake kuti ndikufuna aakulu a pasukulupo, tsopano lino. Anandilowetsa m'kachipinda momwe munali mayi wa magalasi olendewera pachingwe. Anandifunsa ngati ndingatsitse mwana kuti ndikhale bwino. Ndinakana. Ndinakhala m'mphepete mwa mpando, mfundo ya chitenje ili m'chikhatho. Mtsikana wanga anamukhazika panja ndi buku la zithunzi, ndipo ndinapempha kuti chitseko chisatsekedwe chonse, ndizimuona phazi.

Chingerezi changa chinandithera pa mawu oyamba. Mayiyo anaimba foni, anapeza munthu womasulira, mawu a bambo wina wa kwathu amene sindinkamudziwa. Ndisananene kanthu ndinamufunsa kuti amapemphera kuti. Anadabwa, anati iye ali kutali, ku London sanakhaleko. Pamenepo ndinayamba. Ndinanena za maso, za njala, za mneneri ndi Lachisanu, za mchere, za kadontho ka pa kompyuta. Ndinanena kuti ndikudziwa kuti mwina andilanda ana, koma ndabwera ndekha, palibe wandituma. Ndinanenanso kuti kuyambira lero mwana ameneyu asatengedwe ndi munthu wina aliyense, ngakhale atati ndi anti ake, ngakhale atati ine ndagona m'chipatala, koma ine kapena bambo ake basi. Mayiyo anabwereza mawu anga, ine ndinamuuza womasulira kuti awabwerezenso.

Tsiku lomwelo adokotala anamuona maso. A sosho anabwera kunyumba mawa lake, mayi mmodzi wonyamula chikwama chachikulu. Anatsegula firiji, anaona pogona ana, analankhula ndi mtsikana wanga payekha, ine ndili kukhitchini nditagwira sinki ndi manja onse. Ana sanawatenge. Apolisi anakagogoda kwa amayi a pansi aja. Za mneneri sindikudziwa kuti zinatha bwanji. A kutchalitchi tikakumana nawo kumsika ankatembenukira ku mashelefu, ndipo ndinamva kuti ndine amene ndinapereka mayi wokalamba kwa azungu.

Ntchito ya m'kati mwa sabata ndinaisiya, ndinatsala ndi ya Loweruka ndi Lamlungu, masiku amene bambo awo ali pakhomo, ndipo ndinawauza kuti foni ikalira masiku amenewo apite wina. Sanaseke. Nyumba ina tinayamba kuifuna ku Lewisham, koma siinapezeke msanga, dzinja lonse tinakhala pamwamba pa amayi aja. Kotulukira kunali kumodzi. M'mawa uliwonse ndinkayamba ndamvetsera pachitseko, kenako tinkatsika, mwana kumsana, mtsikana wanga mbali ya kukhoma, ine mbali ya chitseko chawo, mpaka tsiku limene tinasamuka.